Anati Musakamudule

Kabudula wachitatu wa tsiku limenelo anabwera wonyowa ngati awiri oyamba aja. Telala anamuvula mwana wake, n'kuponya kabudulayo m'beseni pansi pa tebulo lodulirapo nsalu, n'kutenga wina. Sanamukalipire. Akanamukalipira chiyani? Mwanayo anali ndi zaka zinayi, ankadziwa kunena kuti akufuna kukodza, ndipo ankathamanga nthawi yabwino. Vuto linali lakuti mkodzo wake sunkapita kumene iye waloza.

Ankamutcha Kabatani, chifukwa anabadwa wamng'ono, nkhope yobulungira. Anabadwanso ndi chinthu chimene pakhomopo sankachitchula. Kabowo kotulukira mkodzo, kamene mwa anyamata ena kamakhala kunsonga, mwa iye kanali kunsi, chakutsinde. Chokodzera chakecho chinali chopindikira pansi, ndipo khungu lakunsonga silinazungulire monse, linaunjikana pamwamba ngati kachipewa. Akaimirira, mkodzo unkatsikira m'miyendo mpaka m'nsapato. Akanjuta, zinkatheka.

Kunyumba kunjuta si mlandu. Kusukulu ya mkaka ndi nkhani ina. Anyamata anzake ankandanda pakhoma la chimbudzi n'kumapikisana, iye atanjuta pakona. Anamuona, ndipo dzina la Kabatani linatha, anayamba kumuitana kuti Kamtsikana. Kuyambira pamenepo mwanayo anasiya kumwa madzi m'mawa. Ankapita milomo ili gwa, n'kumapirira mpaka chikhodzodzo chimugonjetse. Kuimba kumene ankaimba pansi pa mashini a mayi ake anasiya. Ankangokhala pamenepo n'kumasanja mabatani, osayankhula.

Mungafunse kuti nanga chipatala chinalibe chitseko? Chinali nacho. Koma Telala anali ndi mawu amene anawasunga mumtima zaka zinayi.

Tsiku limene anachira, wodi inali yodzaza, amayi ena atagona pansi. Nesi wotopa anamuvundukula khandalo, anayang'anitsitsa, n'kulemba msangamsanga m'kabuku kake ka kuchipatala. Kenako anamuloza Telala ndi cholembera.

"Mwanayu musakamudule, mwamva mayi? Musakayerekeze. Ndiye pakatha..."

Wina anakuwa kuchipinda chochirira, nesi anathamanga, ndipo mawu otsalawo anapita naye. Madzulo ake Telala anatulutsidwa. Zolemba za m'kabuku zija zinali m'Chingerezi, zilembo zake ngati mapazi a nkhuku pamatope. Iye anamva chinthu chimodzi: mwana uyu mpeni usadzamukhudze, akadzangodulidwa basi zake zada. Choncho ankapita naye kusikelo thewera lili chimangire, katemera analandira yense, koma wina akangotchula za madokotala a opaleshoni, iye ankanyamula mwana wake n'kutuluka. Sanafunse. Ankaopa kuti akafunsa amuuza zoopsa kuposa zimene ankadziwa kale.

Mwamuna wake anali wokonza mipope, anthu ankangomutcha Wamipope. Munthu wofatsa, wa manja okhakhala. Tsiku lonse ankatseka mipope yodontha m'nyumba za eni, madzulo n'kupeza zingwe za pakhomo pake zadzaza timakabudula. Anzake pa malo oyembekezera ntchito ankaseka kuti mmisiri weniweni amayamba ndi mpope wa kunyumba. Ankaseka nawo, koma ankabwera kunyumba nkhope itagwa.

Ndiye panali mlongo wake wamkulu wa Wamipope, amene Telala ankamuitana kuti alamu. Alamuwa ankagulitsa ziwiya pamsika, ndipo analibe matenda amene sankawadziwa mankhwala ake. Lachitatu lina anafika pashopu, anakhala pa mpando wa makasitomala, n'kuyamba. Anati vuto lonse ndi kachipewa kaja, ndiko kakukankhira mkodzo pansi. Anati pakachipatala ka kuseri kwa msika amachita mdulidwe Loweruka lililonse, mphindi khumi basi, ana amatuluka akuyenda okha. Anati ana ake aamuna atatu anadulidwa konko, ndipo amakodza mowongoka ngati mzere wa rula.

Telala anapitiriza kupalasa mashini. Anayankha kuti nesi analetsa.

"Nesi wake uti? Wa zaka zinayi zapitazo? Mwina anapuma kale ntchito, akuweta nkhuku. Inu alamu, mwana akusanduka chiseko inu muli gwagwagwa pa mashini. Ndiponso mashini omwewa ndi amene anamupinda mwanayu. Munthu wa pakati kupalasa mpaka mwezi wachisanu ndi chinayi, mumati atuluka wowongoka?"

Mawu amenewo analowa ngati singano ya pansi pa chikhadabo, chifukwa Telala nayenso ankaganiza zomwezo. Sanauzepo munthu, koma tsiku lililonse phazi lake likamapalasa, mtima unkamuuza kuti ndiwe.

Madzulo a tsikulo, mwana akusewera panja, Wamipope anayesa kuyankhula. Anati iye monga mmisiri sakuona bwino mmene kudula khungu la pamwamba kungatsekere bowo la pansi, koma kungokhala nakonso kwamutopetsa. Anati chaka chamawa mwana akuyamba sukulu yaikulu, kumene ana ake ndi ankhanza kuposa awa. Telala anati bola mwana wonyowa kusiyana ndi mwana wa m'bokosi. Mwamunayo anafunsa kuti ndani ananena za bokosi. Mkaziyo anati nesi. Mwamunayo anafunsa ngati nesiyo anatchuladi imfa. Telala anangoti mwana wake sadulidwa iye ali moyo. Masiku awiri otsatira anayankhulana za mchere ndi sopo zokha.

Loweruka m'mawa Wamipope anamuveka mwana malaya oyera, n'kunena kuti akukamugulira nsapato, popeza zakalezo zanunkha mkodzo moti sizikuchapika. Telala anavomera. Anali ndi diresi la mkwatibwi lofunika masana omwewo.

Patapita ola, anatsegula kabati ka mashini kufuna choko. Kabuku ka kuchipatala ka Kabatani, kamene kankakhala pansi pa mabobini a ulusi, kunalibe. Anatembenuka kuyang'ana pashelefu. Nsalu yofewa yoyera, mamita awiri, imene alamu anaisisita Lachitatu lija n'kufunsa ngati siikanda thupi, panalibenso. Nsapato sizifuna kabuku. Nsapato sizifuna nsalu yomukulunga mwana amene sangathe kuvala kabudula.

Anasiya chitseko cha shopu pululu. Anathamanga tepi yoyezera ikadali m'khosi, mapini ali pachifuwa, kudutsa pakati pa ogulitsa malasha, kudumpha ngalande, mpaka kuseri kwa msika.

Pabenchi ya kachipatalako panali anyamata asanu ndi makolo awo. Alamu anali pamenepo, nsalu yoyera ili pamiyendo. Telala sanawapatse moni. Anakankha chitseko cha mkati.

Kabatani anagona chagada pa kabedi kapamwamba, kabudula ali m'mawondo, maso ali kudenga. Sankalira. Bambo ake anaima pambali atagwira chipewa. Mkulu wa kachipatalako, bambo wa imvi ndi magalasi a chingwe, anali atavula kale magolovesi. Thireyi ya zipangizo inali yovundikira.

"Asadulidwe," anatero Telala, mpweya ukumuthera. "Nesi anati asadulidwe."

"Khalani pansi, mayi. Sindinamukhudze, ndipo sindimukhudza. Muvekeni mwanayu, akadikire panja ndi azakhali ake."

Mwana atatuluka, mkuluyo anatsegula kabuku kaja, n'kukweza magalasi. Anafunsa Telala kuti nesi uja ananena chiyani kwenikweni. Telala anabwereza mawu aja monga anawasungira. Mkuluyo anamufunsanso kuti iye anamva kuti kudula kwake kuti. Telala anati kudula ndi kudula, mpeni ndi mpeni.

"Ayi, mayi. Nesi analetsa kudula kumodzi, ndipo anakutumizani ku kudula kwina. Apa analemba mizere iwiri. Woyamba ukuti mwanayu asachitidwe mdulidwe. Wachiwiri ukuti akakwana miyezi isanu ndi umodzi, mupite naye kwa madokotala a opaleshoni ya ana. Inu munasunga mzere woyamba. Wachiwiriwu wagona m'kabukumu zaka zinayi."

M'chipindamo munangomveka mpope ukudontha pasinki. Wamipope sanauyang'ane n'komwe.

Mkuluyo anaona tepi ili m'khosi mwa Telala, ndipo anamufunsa chimene amachita munthu akabweretsa malaya ong'ambika pamene nsalu yake sipezekanso m'sitolo. Telala anayankha motsitsa kuti amasomola mpendero kapena thumba la mkati, n'kutengapo chigamba, chifukwa chigamba chabwino chimachokera pa malaya omwewo.

"Basi mwamaliza nokha. Njira ya mkodzo ya mwanayu inathera panjira, siinafike kunsonga. Madokotala amaiwonjezera. Nthawi zambiri nsalu imene amasokera ndi kachipewa komweka kamene alamu anu akudana nako. Ndikanakadula lero n'kukataya mu ndowa iyo, dokotala akanayamba kusakasaka chigamba kwina, mwina m'kati mwa tsaya, ndipo ntchito ikanakula."

Wamipope anakhala pa mpando wa odwala popanda womuuza. Anafunsa ngati anatsala pang'ono kumuwononga mwana wake. Mkuluyo anati anatsala pang'ono kuivutitsa ntchito, koma sizinachitike, ndiye palibe chifukwa cholirira maliro a munthu wamoyo. Telala naye anafunsa funso lake la zaka zinayi, lokhudza mashini. Mkuluyo anapukusa mutu. Anati ana otere amabadwa kwa osoka, kwa aphunzitsi, kwa akazi a madokotala amene, ndipo kupalasa mashini sikupinda mwana m'mimba. Analemba kalata yowatumiza kuchipatala chachikulu, n'kuitana wotsatira.

Anauyamba ulendo wobwerera. Alamu anayesa kunena kuti iwo ankangofuna kuthandiza, kenako anapatukira kumsika nsalu ija ili m'khwapa. Kabatani anafunsa za nsapato. Bambo ake anamunyamula paphewa. Aliyense wa makolo awiriwo anali ndi chake chomusautsa: wina anatsala pang'ono kutaya khungu, wina anataya zaka. Diresi la mkwatibwi linatha mochedwa, ndipo mpendero wake sunali wowongoka.

Tsiku lawo kuchipatala chachikulu linafika patapita milungu isanu ndi iwiri. Pabenchi ya ku chipinda cha madokotala a ana panali amayi asanu ndi anayi. Onse ananyamula makanda, ena oyamwa, ena ongoyamba kukwawa. Kabatani yekha ndiye anabwera akuyenda ndi miyendo yake. Mayi wina anafunsa Telala ngati wabwera kudzaperekeza mng'ono wake wa mnyamatayo. Telala anangoyang'ana pansi.

Dokotala anali mayi wamfupi, wa zala zing'onozing'ono, wosataya nthawi. Anamuyeza mwanayo, anamupatsa pepala ndi cholembera kuti ajambule galimoto, n'kutembenukira kwa makolo. Anawauza kuti vutoli amaliona sabata iliyonse, ndipo kakonzedwe kake kasintha kwambiri. Kale, anatero, ana ankadikira mpaka atakula ndithu, ankachitidwa maopaleshoni angapo, n'kugona m'chipatala milungu. Masiku ano madokotala amakonda kukonza mwana ali pakati pa miyezi isanu ndi umodzi ndi chaka ndi theka, asanadziwe manyazi, kuti akadzakula asadzakumbuke n'komwe. Mankhwala ogonetsa ana ali bwino kuposa kale, amasoka atavala magalasi okulitsa, ndipo ana ambiri amene bowo lawo lili pafupi ndi nsonga amathana nazo pa opaleshoni imodzi, n'kupita kwawo tsiku lomwelo kapena mawa lake.

Telala anafunsa ngati wake wachedwa.

"Wachedwa, koma sanatayike. Timakonza ndi akuluakulu omwe. Kungoti uyu adzakumbuka, ndipo adzatifunsa mafunso. Komanso bowo lake lili kutali ndipo kupindikaku n'kwakukulu, ndiye tidzalowa kawiri. Koyamba tiwongola n'kuyala chigamba. Chikagwira, pakatha miyezi isanu ndi umodzi, tidzachipinda kukhala njira. Nthawi zina pamsoko pamatsala kodontha, n'kufunika kubwereranso. Sindikubisirani."

Wamipope anagwedeza mutu, pakuti za kudontha pa joini, polumikizira mipope, ankazidziwa. Telala anapempha kuona ulusi. Dokotala anatsegula kapaketi n'kumuonetsa pa kuwala kwa windo. Unali wopyapyala kuposa tsitsi la khanda, ndipo anati umasungunuka wokha m'thupi. Telala anauyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatenga cholembera. Patsogolo pake panali pepala lovomereza opaleshoni, chinthu chimene anachikana zaka zinayi. Koma anasaina.

Opaleshoni yoyamba inatenga maola atatu. Iwo anakhala pakhonde la chipinda cha opaleshoni, pansi pa wotchi yoima. Mwana anatuluka ali mtulo, atamangidwa bandeji yaikulu, kachubu kakutuluka. Atadzuka analira, anasanza, anapempha madzi. Anakhala masiku anayi m'wodi.

Miyezi yotsatira ndiyo inali yowawa kuposa yonse. Bala linapola, chokodzera chinawongoka, koma bowo linali pompaja. Kabatani anapita kuseri kwa shopu, anaimirira, ndipo mkodzo unatsikira m'miyendo monga kale. Anabwera n'kuima pamaso pa mayi ake.

"Munandinamiza. Mwangondipweteketsa."

Telala anamufotokozera kuti diresi sasoka tsiku limene adula, amayamba alumikiza kaye. Mwanayo sanamve zimenezo. Anakana kupita kusukulu ya mkaka, ndipo anamusiya. Anakhala pansi pa mashini miyezi isanu ndi umodzi, osaimba. Alamu anapezanso pakamwa. Ankauza anthu pamsika kuti madokotala angomuseweretsa mwana, mdulidwe ukanatha kalekale. Wamipope tsiku lina anapita konko n'kuwauza mwaulemu, pamaso pa makasitomala, kuti achemwali agulitse mapoto, za mwana wake azisiye. Telala naye mtima unkamugwedezeka. Koma tsopano akakayika ankalemba funso kuseri kwa kabuku ka miyezo, n'kukalifunsa pa tsiku la kuchipatala. Dokotala akayankha mwachangu, iye ankati, "Bwerezani, sindinamve." Anaphunzira kuti mawu amenewa saluma.

Opaleshoni yachiwiri inachitika mvula itayamba. Ulendo uno anagona masiku awiri okha, n'kubwerera kunyumba ndi kachubu koti kakhale masiku khumi. Telala anasoka kamkanjo kotakasuka ndi kathumba ka m'mbali kosungiramo chubu kuti mwana asakoke. Wamipope ankayang'ana m'mawa ndi madzulo ngati chubucho sichinapindike, monga anawauzira nesi, n'kumamuuza mwana wake kuti simenti ikamauma sachotsa thabwa. Mankhwala anamwa pa nthawi yake. Madzi anamwa ambiri, mokakamizidwa.

Tsiku lochotsa chubu, nesi anawauza kuti asachoke mpaka mwana atakodza. Anakhala pabenchi maola awiri. Kabatani anamwa mabotolo awiri a madzi, miyendo ataipanikiza, akukana. Ankaopa kuwawa, ndipo ankaopanso china chija, kuti mkodzo utsikiranso m'miyendo. Potsiriza anatsika pabenchi n'kugwira chala cha bambo ake.

Telala anatsala panja pa chitseko cha chimbudzi cha amuna, atagwira kabudula wosinthira amene ankayenda naye kulikonse. Anamva mwana akulira pang'ono. Kenako kunali zii. Kenako anamva phokoso limene anali asanalimvepo chibadwire cha mwana wake: madzi akumenya chitsulo cha pakhoma, mosadukiza.

Anatuluka awiriwo. Wamipope maso anali ofiira. Anati wayang'ana pansi ndi m'mbali monse, joini ili bwino, palibe podontha. Kabatani anayang'ana nsapato zake, n'kukweza phazi limodzi kuti mayi ake aone.

"Zouma," anatero.

Telala anapinda kabudula wosinthira uja n'kumubwezera m'chikwama.

Anapitabe kokaonedwa katatu chaka chimenecho, ndipo dokotala anati adzafuna kumuonanso akamadzakula. Kabatani anayamba sukulu yaikulu ndi anzake. Kuimba kunabwerera pang'onopang'ono, ngakhale mpaka pano akaona munthu wa chovala choyera amabisala kumbuyo kwa bambo ake. Chimenecho ndicho chipsera cha zaka zinayi zija. Makanda a pabenchi aja sadzakumbuka kanthu.

Tsiku lina mtsikana wina anabwera pashopu kudzasoketsa matewera, khanda la milungu itatu lili kumsana. Poyeza nsalu anatsitsa mawu n'kunena kuti mwana wake sali bwinobwino kumaso kuno, ndipo apongozi ake akuti angomuchita mdulidwe msanga. Telala anaimitsa mashini. Anamuuza kuti atulutse kabuku ka kuchipatala, ndipo anatsata naye mzere uliwonse mpaka pansi, kuti pamene sakumva akafunse kuchipatala.

Phunziro lake n'losavuta. Mwana wamwamuna akabadwa, muyang'aneni thupi lonse, musachite manyazi ndi mwana wanu yemwe. Ngati kabowo ka mkodzo sikali kunsonga, ngati chokodzera n'chopindika, kapena ngati machende sakupezeka onse awiri m'thumba mwake, muonetseni kuchipatala akadali khanda. Si tsoka, si mlandu wa mayi, ndipo zimakonzeka. Mwana wa bowo la kunsi musamuchite mdulidwe madokotala a opaleshoni asanamuone, pakuti khungu limenelo lingakhale chigamba chake. Ndipo wachipatala akakuuzani mawu, musanyamule theka n'kuthamanga nalo. Mugwireni mkono, mufunseni kuti akutanthauza chiyani, ndipo akuwerengereni zimene walemba. Telala anasunga mzere umodzi mokhulupirika zaka zinayi. Wachiwiri unali pansi pake pomwepo.